Khoma langa lasanduka la miyala, abale inu!

Khalani pansi kaye anzanga, chifukwa zimene ndikuuzenizi ine ndemwe ndikadadabwa nazo mpaka lero. Pabalaza panga pali khoma la miyala. Miyala ikuluikulu m'munsi, ing'onoing'ono m'mwamba, ina yotuwa, ina yofiirira, ina ya timadontho takuda, yonse yolumana bwinobwino kuchokera pansi mpaka kudenga. Koma m'khoma lonselo mulibe mwala ngakhale umodzi. Ngakhale umodzi! Ndi simenti, mchenga, penti pang'ono, ndi manja angawa amene chibadwire anali asanagwirepo mpeni wa omanga.

Ine ndinali woyamba kuzinyoza. Timavidiyo ta makoma oterewa tinkandipeza pa Facebook pafupipafupi, ndipo ndinkangoti asa, za pa foni izi, pafupi ziyenera kuoneka zachibwana. Ndiponso anthu a m'timavidiyomo ambiri ndi a ku America, kumene makoma a m'kati mwa nyumba amakhala a mabolodi a gypsum, ndipo amapakapo phala loyera logula m'zidebe, atamatamata kaye tepi ya pepala yosonyeza malire a miyala. Ndinkati nanga ife kuno, a njerwa zootcha ndi pulasitala wa simenti, zikutikhudza pati? Ena amamata mathireyi a mazira onyika m'guluu. Amenewo ndiye ndinawakana kutalitali, ndipo ndikuwakanabe: pepala lonyowa ndi guluu pakhoma, m'dziko la chiswe ndi mphemvu lino? Ayi ndithu. Enanso amadula zija zoyera zopepuka zimene amatchinjirizira filiji ndi wayilesi m'katoni. Zokongola inde, koma kandulo ikangoyandikira tsiku lozima magetsi, mudzaona zakuda.

Chimene chinanditembenuza ndi khonde la mnzanga wina ku Zomba. Ndinakhala pamenepo tikumwa tiyi, ndikusirira miyala ya pakhoma, mumtima ndikuwerengera ndalama zimene anawononga: kugula miyala yaphanthiphanthi ija amagulitsa m'mbali mwa msewu, kulipira lole, kulipira amisiri oisema ndi kuimata, simenti yomatira pamwamba pa zonsezo. Nditamufunsa kumene anagula, anangoseka. “Igwireni, asisi.” Ndinaigwira. Yozizira, yokhakhala, yolimba gwa. Ndinagogoda ndi chala. Ndinalowetsa chikhadabo mumpata wa pakati pa miyala iwiri kufuna kupeza pamene mwala wathera ndi pamene simenti yayambira, koma panalibe! Zonse zinali chinthu chimodzi. Ndinangoti kukamwa yasa. Tiyi anazizira m'kapu ine ndili chiimire, kusisita khoma la eni ake.

Ndinabwerera kwathu mutu uli wodzaza, koma kukayika kunanditsatira. Kukayika koyamba kunali kwa ndalama. Nonse mukudziwa kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulowa m'hadiweya kumafuna mtima wolimba. Koma nditakhala pansi ndi pensulo, ha! Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, mukasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso inayi ya mchenga, n'kupaka mochindikala sentimita imodzi ndi theka, limakwana khoma la mamita atatu m'litali ndi mamita awiri ndi theka kupita m'mwamba. Thumba limodzi lokha, mwina ndi kachidutswa ka lachiwiri! Mchenga mawilibala ochepa. Zina zonse zinali kale m'nyumba mwanga: msomali waukulu, supuni yakale yopindika, siponji yotsukira mbale, majumbo, bulashi yotha. Mpeni wa omanga ndi thabwa logwirirapo matope ndinabwereka.

Kukayika kwachiwiri kunali kwa abambo akunyumba. Iwo ankati chinthu cholemera chotero chidzamatuka usiku n'kugwera ana. Apa ndiye ndinadabwanso, chifukwa zili mosiyana ndi mmene tinkaganizira. Mwala weniweni wa mtundu wa granite umalemera matani oposa awiri ndi theka pa kiyubiki mita, ndiye mukamata miyala yochindikala masentimita asanu, sikweya mita iliyonse ya khoma imasenza makilogalamu pafupifupi 130. Pulasitala wangayu ndi makilogalamu 30 okha kapena kuzungulira pamenepo. Ndipo njerwa zathu zomwe ndinkaziyesa chopinga zija ndizo mwayi wathu: matope a simenti amagwira pa njerwa ndi pa pulasitala wakale kuposa pa bolodi lililonse la ku America.

Koma amagwira pokhapokha mutakonza khomalo, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yowawa, sindikubisirani. Ndinaitana amisiri ena achikulire a m'dera lathu kuti angondiunikira. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine, n'kupukusa mutu. “Mayi, pa penti simenti sigwira. Mugobe kaye.” Kugobako ndi kutenga hamala ndi tchizulo n'kumatema timaenje pafupipafupi khoma lonse, n'kupala penti yense amene angachoke. Fumbi lake, mayo ine! M'tsitsi, m'mphuno, m'makutu, ngakhale m'kabati yotseka. Tulutsani mipando, phimbani pansi, mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, valani magalasi. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu musanayandikire soketi, ndipo kumbukirani kuti waya amayenda m'khoma kuchokera pa soketi kukwera m'mwamba kapena kutsika, ndiye pamzere umenewo musateme mozama. Mukatha mutsuke khomalo ndi madzi, kenako muwaze matope amadzimadzi a simenti yambiri ndi mchenga wokhakhala, mongoponya, kuti khoma lichite tiziphuphu. Muzisiye ziume tsiku limodzi kapena awiri mukuzinyowetsa. Tiziphuphu timeneto ndi mano amene adzalume pulasitala watsopano.

A m'nyumba za lendi, kambiranani kaye ndi alandilodi. Ichi si chithunzi choti mudzachichotsa posamuka.

Ndisanakhudze matope, amisiri aja anandiuza chinthu chimene poyamba ndinachiyesa nthabwala. Anati ndipite ndikaone miyala. Kuona miyala? Ine wobadwira pakati pa miyala? Koma ndinapita, ndipo abale inu, zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo khoma la miyala, ndinkangolidutsa! Imani tsiku lina pa ngalande za m'mbali mwa msewu zija amaziwaka ndi miyala, kapena pansi pa mlatho, kapena pa maziko a tchalitchi chakale cha mishoni, muyang'ane modekha. Mudzaona kuti mpata woimirira supitirira: ukakwera pang'ono umakumana ndi mwala wina wougona pamwamba n'kuudula. Mudzaona kuti si kawirikawiri ngodya zinayi kukumana malo amodzi. Mudzaona kuti miyala yolemera imakhala pansi, ndipo pamene iwiri ikuluikulu yasiya mpata, womanga amatsekapo ndi kamwala kakang'ono. Ndinafika poyang'ana zithunzi za makoma a Great Zimbabwe pa foni, aja anamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400 popanda matope alionse, ena otalika mamita 11 kupita m'mwamba, ndipo ndinaona lamulo lomwelo: mwala uliwonse wagona pa iwiri. Ndinabwera kunyumba n'kujambula miyala yanga ndi khala pa katoni yaikulu, n'kuitsamiritsa pafupi kuti ndizionera.

Tsopano matope. Mchenga wa kumtsinje, wosefedwa, wopanda dothi ndi zinyalala. Muyeso ndi chidebe chimodzi chomwecho, osati fosholo, chifukwa fosholo imanama. Sakanizani zouma kaye mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako madzi pang'onopang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba la mgaiwa limene likatengedwa pa chipande siligwa msanga. Sakanizani zochepa, zoti zithe ola lisanakwane, chifukwa simenti ikayamba kugwira simuibwezanso ndi madzi. Ndipo valani magolovesi a labala, chonde. Simenti yonyowa imadya khungu mwakachetechete, simumva kanthu pogwira, koma madzulo zala zimang'ambika.

Munyowetse khoma, osati mpaka kuchucha, lingomwa. Ndiye muyambe pansi pakona, kagawo ka mita imodzi mbali zonse.

Kupaka koyamba manja ankanjenjemera. Matope ena ankagwa pansi phwa, ena ankamatirira mokhotakhota, pena pochindikala pena popyapyala. Ndinayang'ana amisiri aja ndi manyazi kuyembekeza kuti alanda mpeni, koma iwo anangoti, “Musasalaze, mayi. Zisiyeni choncho.” Ndipo apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene chandisangalatsa kuposa zonse: ntchito imeneyi imakonda manja osazolowera! Mmisiri weniweni dzanja lake linaphunzira kusalaza, limafuna mzere woongoka, limadana ndi chitunda. Iwo omwe anavomera akuseka kuti akayesa kupanga miyala yotere imatuluka yofanana yonse, yaudongo mopitirira. Koma mwala suli choncho. Mabampu anga aja, tizigwa tija, mikwasa ya mpeni ija, zonse zimene pa pulasitala wamba zikanakhala zochititsa manyazi, pano ndizo nkhope ya mwala.

Kenako mumadikira. Ola limodzi, nthawi yozizira mwina awiri, kufikira pamene mukadina ndi chala pakungotsala kachizindikiro koma chala sichikutenga matope. Mukafulumira mzere umadzitsekanso, mukachedwa msomali umangolira pamwamba. Pakati pamenepo pali kanthawi kokoma kwambiri, ndipo mudzakadziwa ndi khutu. Msomali umalowa n'kumayenda ndi kaphokoso ka mchenga, tswee, tinyenyeswa tikugwa pansi touma, mzere ukutsala woyera bwino. Ndinajambula mwala woyamba, wa ngodya zisanu, wokhota mbali imodzi. Wachiwiri pambali pake. Wachitatu pamwamba, wogona pa iwiri ija. Ndinatenga chogwirira cha supuni n'kukulitsa mipata ija kuti chala chaching'ono chizilowamo, mozama pafupifupi sentimita imodzi, n'kufafaniza m'mphepete mwa mwala uliwonse ndi chala cha m'golovesi kuti musakhale mwakuthwa. Ndinasesa tinyenyeswa ndi bulashi youma. Kenako ndinabwerera m'mbuyo mapazi atatu.

Miyala! Miyala itatu, abale, ili pakhoma langa, ikundiyang'ana! Ndinakuwa mpaka mwana anathamanga kuchokera panja kuyesa ndadzicheka. Sikunali kufanana pang'ono ayi. Maso anga omwe, amene anaona ndikusakaniza matopewo m'wilibala, ankandiuza kuti iyi ndi miyala itatu yosiyana, yoti munthu angazule umodzi n'kuunyamula.

Ndipo zokoma zinali zisanathe. Tengani jumbo, muikwinye m'dzanja, muidinde pamwamba pa mwala wosaumawo: pamatsala timitsempha ndi timakwinya tosabwerezeka. Tengani siponji yonyowa pang'ono, mugunde mopepuka: mchenga umatulukira pamwamba, mwala n'kukhala wokhakhala. Koma chimene chinandipha ndi chimwemwe ndi ichi: ndinatola mwala weniweni kuseri kwa nyumba, wa mabampu, n'kumaudinda pa miyala yanga yabodzayo. Mwala weniweni kusiya nkhope yake pa simenti! Mukamautembenuza podinda paliponse, palibe malo awiri ofanana. Ana anandilanda ntchito imeneyi, ndipo miyala ya m'munsi yonse, imene alendo amaiyamikira kwambiri, ndi ya iwowo.

Ndinkadanso nkhawa kuti poti ntchitoyi siitha tsiku limodzi, polumikizira padzaoneka. Sipaoneka! Mumangothera pa mpata. Mukamaweruka, dulani matope motsatira malire a mwala womaliza, mawa mudzayambire pomwepo, chilumikizo chimabisala mumpata. Ngati pali pamene mudzafune kupachika wotchi kapena chithunzi, ikiranitu kamtengo kapena pulagi mumpata matope akadali ofewa, kusiyana ndi kudzaboola mwala wanu wokongola pambuyo pake.

Zikatha apo pamabwera nyengo yoyesa mtima. Simenti siilimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chomwa madzi, ndiye masiku asanu ndi awiri oyamba muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, mazenera osatsegula kwambiri kuti mphepo isaumitse msanga n'kubweretsa ming'alu. Mphamvu zake zambiri zimakwana pa masiku 28, ndipo penti amafunanso kudikira nthawi yonga yomweyo, chifukwa pulasitala watsopano amakhala ndi chinyezi ndiponso ukali umene umadya penti, makamaka wa mafuta. Milungu imeneyi khoma limakhala lotuwa mbuu, mtundu umodzi, ndipo kukayika kwanga konse kunabwerera. Apongozi atabwera anayang'ana n'kufunsa mwaulemu kuti, “Kodi amisiriwo anathawa ntchito isanathe?” Ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mumtima ndinkati mwina ndaipitsa pabalaza panga.

Tsiku la mitundu ndilo linachotsa zonsezo. Penti wa madzi, woyera, kachitini kamodzi, ndi timapaketi ta okusayidi, ufa womwe uja timathira mu simenti ya pansi kuti pakhale pofiira. Alipo wakuda, wachikasu, wofiira, wa bulauni. Ndinayamba ndi wakuda wosungunula kwambiri, madzi okhaokha a bii, n'kupaka ndi bulashi yaikulu khoma lonse, m'mipata monse. Linaoneka loopsa! Koma pentiyo asanaume mumapukuta pamwamba ndi chisanza chonyowa, ndipo taonani zimene zimachitika: wakuda uja amachoka pa zitunda n'kutsalira m'tizigwa, m'timitsempha ta jumbo tija, m'mipata. Kamodzi n'kamodzi mwala uliwonse unatumphukira kunja. Ndinapukuta umodzi, ndinaima, ndinaseka ndekha, ndinapukuta wina, ndinaitana aneba pa mpanda kuti bwerani mudzaone msanga.

Kenako siponji. M'mbale zakale zitatu ndinasungunula wotuwa, wachikasu chofiirira, ndi wa bulauni, onse amadzimadzi kuti simenti izionekera pansi pake. Mumagunda mopepuka, mwala uwu wotuwa kwambiri, woyandikana nawo wofiirira, winawo pakati, ndipo palibe mwala wa mtundu umodzi wokha, uliwonse ulandireko kadontho ka mnzake. Ndinkakumbukira matanthwe a phiri la Mulanje mmene amakhalira otuwa koma ndi mikwingwirima yakuda modutsa madzi, ndi zigamba za ndere zoyererako, ndiye pa miyala ingapo ndinatsitsa kamzere kakuda kuchokera pamwamba. Chomalizira ndi bulashi youma: mumaiviika mu woyera, kuipukuta pa katoni mpaka ioneke ngati yatha, n'kuipititsa mopepuka pamwamba. Imangokhudza nsonga za mchenga zokha. Mwala umang'anima pang'ono, umaoneka wakale, wowombedwa ndi dzuwa.

Ndili pakati pa ntchitoyi, manja ali mitundumitundu, ndinakumbukira agogo anga akuzira khonde kumudzi, dothi lakuda m'munsi, loyera pamwamba, lofiira pojambula maluwa m'mbali mwa chitseko, onse ndi chikhatho ndi kansanza. Sankapita kusitolo, ankadziwa dambo lopezeka dothi lililonse. Ndiye ife amene timati zokongoletsa khoma ndi za amisiri ndi za anthu a ndalama, tinaziiwala liti?

Chenjezo limodzi limene ndikulimbikira: musapake vanishi wonyezimira. Ndaonapo makoma ena otere m'malo odyera atapakidwa vanishi mpaka kuwala, ndipo bodza lonse limaonekera patali, chifukwa mwala wouma sunyezimira. Ngati khoma lili panja pofika mvula, kapena mukufuna lizipukutika, funsani kuhadiweya mankhwala otetezera osawala, a madzi, ndipo muyese kaye pa mwala umodzi wa pakona.

Koma dikirani, chachikulu sindinakuuzeni! Usiku woyamba magetsi anazima, mwana n'kuyatsa tochi ya pa foni ataima pambali pa khoma. Ine ndinali kukhomo la kukhitchini. Mayo! Kuwala kobwera cham'mbali kunagwetsa mthunzi mumpata uliwonse, bampu lililonse linakula, khoma linazama kuwirikiza. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti chimene chimanyenga maso si simenti kapena penti, ndi mthunzi. Babu la pakati pa denga limaphwatalitsa zonse. M'mawa mwake ndinasuntha nyale ya patebulo n'kuiika pansi m'mbali mwa khomalo, kuloza m'mwamba, ndipo posankha khoma lanu sankhani limene zenera lili cham'mbali mwake, osati moyang'anizana nalo. Dzuwa la madzulo likamalowa mopendekera, mudzasiya zophika pamoto.

Pali zovuta zake, inde. M'mipata mumakhala fumbi, makamaka miyezi ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala, ndipo akangaude amayesa mwawamangira nyumba. Bulashi yofewa kamodzi pa mlungu imathetsa nkhaniyo. Khoma limodzi lokha ndi lokwanira, mukachita onse anayi chipinda chimachepa ndi kuda. Ndipo khoma limene limatuluka chinyezi nthawi ya dzinja, lija penti amatukusira m'munsi, musaliyambe musanathetse gwero la madziwo, chifukwa mchere woyera udzatulukira pa miyala yanu.

Apongozi anabweranso. Analowa, anaima, anayandikira, anagogoda ndi chala monga ndinachitira ine ku Zomba, kenako anatembenukira mwana wawo n'kumufunsa chifukwa chimene wawonongera ndalama pogula miyala chaka chovuta chino. Abambo akunyumba, omwe aja ankati lidzagwera ana, ndi amene anathamangira kukatenga msomali ndi supuni yopindika ija kudzaonetsa mayi awo, akufotokoza ngati anapanga ndi iwo!

Ndiye anzanga, musayambe ndi pabalaza ngati mukuopa. Pitani kuseri, pa mpanda wa njerwa kapena pa khoma la bafa la panja, sakanizani chidebe chimodzi cha matope Loweruka likubwerali, mujambule miyala isanu yokha. Isanu yokha! Aneba anga anayamba choncho, pano atha kale mizati iwiri ya pageti, ndipo dzulo anabwera kudzabwereka supuni yanga, ati yawo siikhota bwino. Ndawakaniza, chifukwa mchenga unatsala uja ndauunjika kale pafupi ndi khonde.